Ambululu a M'dzenje la Njerwa

Nyenje zikayamba kulira mu Okutobala, mtima wanga umabwerera pakhonde la nyumba yathu ya ku Mpingwe. Zinkalira m'mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa nyumba, kulira kosapumira, kolowa mpaka m'mano, ndipo malata ankathetheka ndi dzuwa ngati wina akuponyapo timiyala. Phiri linali bii ndi lupsa. Minibasi ikadutsa kumsewu, fumbi lofiira linkabwera pang'onopang'ono n'kudzatera pa zovala zoyanika, pa mbale za pathandala, ngakhale pa nsidze zathu. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili mu Sitandade 4, ndipo chinali chaka choyamba kuti ndikaweruka kusukulu ndizipeza ababa ali pakhomo.

Ababa anali telala. Kwa zaka zambiri ankasoka pakhonde la sitolo ya amwenye ku Limbe: mayunifolomu a ana asukulu, mabulauzi a amayi a kutchalitchi, kupinda mathalauza a pakaunjika. Matenda a shuga ndiwo anawadya maso. Poyamba ankapempha mnzawo wa pakhondepo kuti awalowetsere ulusi pasingano. Kenako msoko unayamba kukhota, mpaka tsiku lina anasokera mkono wa jekete chammbuyo. Mwini sitolo anawasungira malo kwa kanthawi, koma kuchipatala anati palibenso chimene angachite. Makina awo osokera anabwera kunyumba pawilibala, tinawaika pakona n'kuwafunditsa chitenje.

Banja linatsala m'manja mwa amayi. Ankagulitsa tomato ndi masamba mumsika wa Limbe, kunyamuka kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu. Koma chakudya chathu chenicheni chinkachokera kukamunda kamene tinali nako m'mbali mwa phiri, kumtunda kwa nyumba zomalizira. Sikanali kakakulu, mwana ankatha kukazungulira akuthamanga osapuma. Komabe chaka chabwino kankatipatsa chimanga chotifikitsa kufupi ndi dzinja lina, maungu ndi nandolo pamwamba.

Ababa ankaswera pampando wandalema, nkhope italoza kuphiri limene sankalionanso, zala zikuyenda pamsoko wa thalauza lawo ngati akufufuza pamene wina analakwitsa. Chinthu chimodzi chokha chimene anthu ankawafunirabe chinali mvula. Anakulira ku Chiradzulu akuweta mbuzi, ndipo ankadziwa kuwerenga mbalame ndi tizilombo monga aphunzitsi awerengera rejisitala. Oyandikana nafe ambiri anali anthu a m'maofesi, makalaliki ndi aphunzitsi, koma aliyense anali ndi timizere take kuseri kwa nyumba kapena kuphiri. Chaka ndi chaka, Novembala akayandikira, anthu ankapatuka pakhomo pathu pochokera kutchalitchi n'kufunsa ngati nthawi yobzala yakwana. Sindikumbukira kuti anawasokeretsapo.

Tsopano maso kunalibe, ndiye maso awo ndinakhala ine. Ndikangovula yunifolomu ndinkamva akuitana: "Enifa, tapita ukandionere." Njira yake ndinkaidziwa pamtima. Ndinkayambira patsinde pa mango, kugwada pansi n'kuyang'ana nyerere, ngati zanyamula timazira toyera tonga mpunga, ndi kumene zalowera. Kenako ndinkapita pachulu cha m'malire mwathu n'kudinda chala, kuona ngati chiswe chamata dothi latsopano lonyowa. Ndinkakweza maso kufuna anamzeze, ngati akuuluka kutali m'mwamba kapena akupsepsa madenga. Ndinkamalizira kudzenje la njerwa, chidzenje chimene anthu anakumbamo dothi pomanga nyumba za m'dera lathu. M'dzinja linkadzaza madzi, koma m'chilimwe munkangokhala majumbo ndi zibenthu za njerwa.

Ndikabwerera ankandifunsa ngati kukhoti. Nyererezo zofiira kapena zakuda? Zikuyenda mzere umodzi kapena zamwazikana? Anamzezewo angati? Ndikayankha mwachidule ankandibweza kuti ndikaonenso. Ndinkaikonda ntchito imeneyi kuposa phada ndi fulaye. Panalibe munthu wamkulu amene anamvetserapo mawu anga choncho, mutu utapendekera kumbali, pakamwa pali pululu pang'ono, ngati ndikuwerenga kalata yochokera kutali.

Chakumapeto kwa Okutobala kunagwa chizimalupsa, kamvula ka masana amodzi kamene kananunkhiritsa dothi n'kusiya timadontho pafumbi. Ena anathamangira makasu. Ababa anati ayi, nyerere sizinasamuke ndipo achule ali chete. Amene anabzala anangodyetsa mbewa ndi nkhanga za kuphiri. Zitatero dzina la ababa linakwera. A Nasimango, mayi wamasiye wa ana anayi amene ankakolopa m'maofesi m'tauni ndipo munda wawo unagundana ndi wathu, anabwera ndi mazira atatu m'kambale kudzathokoza kuti anawaletsa. Mawa lake ababa anapempha madzi otentha, anameta ndevu mopapasa, n'kuvala shati yawo yoyera ya kuntchito ngakhale kuti sankapita kulikonse.

Pakati pa Novembala zizindikiro zonse zinabwera pamodzi, ngati zinapangana. Nyerere zinakwera khoma la bafa, mzere wakuda wosaduka, iliyonse itasenza kadzira kake. Chulu chinatuluka timilomo ta dothi lonyowa. Anamzeze anatsika mpaka kumatsala pang'ono kugunda chingwe choyanikira zovala. Abongololo anatulukira kumene sindikudziwa n'kumadutsa pabwalo osafulumira. Mphepo inatembenuka n'kumachokera kumpoto, yofunda ndi yolemera. Kenako mvula inagwa masiku awiri, mvula yeniyeni, yomveka pamalata mpaka munthu osamva mnzake. Italeka, ngumbi zinatuluka pachulu ngati utsi, ana a m'dera lonse tikuthamanga ndi mabeseni, akhwangwala akutilanda m'mwamba. Madzulo ake dzenje la njerwa linayamba kulira achule, mazanamazana, mpaka ababa anaseka okha pampando.

Koma sananenebe kanthu. Ankadikira chinthu chimodzi. M'mawa wa tsiku lachitatu ananditumanso kudzenje, nati ndikapise dzanja m'mphepete momwe muli udzu. Madzi anali ofunda, ofiirira ngati tiyi wamkaka. Zala zanga zinakola chinthu choterera ngati therere, ndipo nditachikweza ndinaona zingwe zazitali zoonekera mkati, muli timadontho takuda tondandalika ngati mikanda. Zinali paliponse, zitakulunga udzu. Ndinathamanga osapukuta m'manja n'kukawagwiritsa ababa chala changa choterera. Ananunkhiza, anagwedeza mutu, nati tibzale.

Amayi anakayika. Pawailesi ankanena kuti mvula ya chaka chimenecho ikhala yanjomba, ndipo mbewu ya m'sitolo tinali nayo paketi imodzi yokha. Anapempha mofatsa kuti tidikireko sabata imodzi. Ababa sanakweze mawu. "Amayi a Enifa, chule saikira mazira pamadzi oti aphwa. Wailesiyo yabwera liti? Achulewa anayamba kale." Amayi anayang'ana shati yoyera ija, anayang'ana ine, n'kupita kukatenga khasu. A Nasimango atamva, nawonso anatenga lawo, ndipo pofika Loweruka phiri lonse linali mitu ya anthu owerama.

Tsiku limenelo ababa anakwera nafe kumunda, dzanja lawo lili paphewa panga. Amayi ankatsogola akutema mapando. Ababa ankatsatira chowerama, kupapasa phando ndi dzanja lamanzere, kuponyamo mbewu ndi lamanja, ine n'kumakwirira ndi chidendene. Mbewu zinali zopakidwa mankhwala obiriwira ndipo zinawadetsa zala. Dothi linkamata kumapazi. Kumunsi kunkaoneka Limbe yense, madenga otsukidwa akunyezimira, ndipo sitima inalira kusiteshoni. Ababa ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chichokereni pakhonde la sitolo lija, ndinali ndisanawaone akugwira ntchito ndi manja awo.

Chimanga chinamera bwino, timasingano tobiriwira mzere ndi mzere. M'dzenje namonso mazira anaswa, ndipo madzi anada ndi ambululu, timitu tonenepa ndi timichira tosakhazikika. Ndiye kumwamba kunayera.

Sabata yoyamba palibe amene anadandaula. Ababa anati ndi kang'amba kopalirira, kamachitika. Sabata yachiwiri mitambo inkaunjikana masana chakummawa, yakuda bwino, mpaka amayi ena ankaanula zovala. Ikafika chakumadzulo inkabalalika osagwetsa ngakhale dontho. Nyenje zimene zinali zitaleka zinayambiranso. Nyerere zinatsika pakhoma paja n'kubwerera patsinde pa mango, zina zitasenzabe timazira, zikuzungulirazungulira ngati anthu amene basi yawasiya. Anamzeze ankatsika tsiku lina, mawa lake osaoneka. Ndinkanena zonsezi kwa ababa monga ndinaziona, ndipo kwa nthawi yoyamba sankagwedeza mutu. Ankangoti, "Uhuu," zala zili pamsoko.

Madzi a m'dzenje ankabwerera m'kati tsiku ndi tsiku, kusiya mkombero wa matope ong'aluka. Ndinazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, mawa lake ndinakapeza kali pouma, patali ngati phazi langa. Ambululu anapanikizana pakati, madzi ake atalemera ngati phala, ndipo ankatukula timilomo pamwamba. M'mutu mwanga mwa mwana zinthu zinalumikizana motere: ababa anati chule saikira pamadzi oti aphwa, choncho madziwo akangopanda kuphwa, mawu a ababa akhalabe oona, mvula ibwera, ndipo chimanga chipulumuka. Zonse zinkadalira thawale lija.

Masiku amenewo mipopi inali itauma. Madzi ankatuluka pakiyosiki ya kumunsi, mwa apo ndi apo, ndipo amayi ankakaima pamzere asanapite kumsika. Ankasiya ndowa ziwiri kuseri kwa chitseko, za kumwa, kuphikira ndi kusamba tonse. Ndinapeza kachitini kakale ka mkaka wa ufa. Ndikaweruka ndinkalowa m'nyumba monyang'ama, kutunga kachitini kamodzi, kutulukira kukhomo la kuseri n'kukathira m'dzenje. Madziwo ankasowa ndisanawongoke n'komwe. Mawa lake ndinkatunga kawiri. Ndipo ababa akandifunsa za kudzenje ndinayamba kunama. Ndinkati madzi alipobe ambiri, ambululu akusambira bwinobwino. Linali bodza langa loyamba kwa iwo, ndipo ndikamalinena ndinkayang'ana pansi, ngakhale ndinkadziwa kuti sakundiona.

Lachisanu lina amayi anabwera msanga chifukwa tomato anali atafewa ndi kutentha. Tinakumana pakanjira ka kudzenje, ine nditagwira kachitini ndi manja awiri. Ananditsatira mpaka m'mphepete n'kuyang'ana pansi. Panatsala kathawale kosaposa lichero, kakuwira ndi timitu takuda. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anatula dengu lawo, n'kukhala pachibenthu cha njerwa, thukuta likutsika m'khosi. "Madzi amenewa ndimawaimira pamzere kuyambira tambala woyamba," anatero. Kenako anapukusa mutu. "Thira, watunga kale." Ndinathira. Kuyambira tsiku limenelo ndowa zinkakhala kuchipinda kwawo, chitseko chokhoma.

Patapita masiku atatu ababa sananditume. Anaimirira, anafufuza ndodo yawo, nati ndiwaperekeze kudzenje. Ndinayesa kunena kuti njira ndi yoipa, koma dzanja lawo linali kale paphewa panga. Fungo linatichingamira tisanafike, fungo la usipa woola. Akhwangwala awiri anauluka monyinyirika, ndipo nkhuku za eni ake zinapitiriza kujompha osatilabadira. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka pakati. Ananjuta n'kuyala chikhato pansi. Matope anali ataphimbidwa ndi chikhungu chakuda chonyezimira, ambululu atamatirana ngati phula, apo ndi apo kamodzi kakugwedezabe mchira. Anatola kamodzi, anakaika pachikhato, n'kukayendetsa ndi nsonga ya chala mofatsa monga ankachitira ndi nsalu yodula.

"Anali atayamba kumera miyendo," anatero.

Za bodza langa sanatchule. Anakabweza pansi, anapukuta dzanja pathalauza, nati tipitirire kumunda. Tinakwera dzuwa lili pamutu. Chimanga chinali chitafika m'mawondo mwanga n'kuima pomwepo. Masamba anali atapindika ngati ndudu, otuwa, ndipo mphepo ikawomba ankalira ngati mapepala. Ababa anayenda mzere umodzi wathunthu akugwira phesi lililonse. Anakumba ndi zala patsinde pa limodzi, kuzama mpaka pamfundo ya dzanja, osapeza chinyontho.

M'munda wa pafupi munali a Nasimango, ataimirira ndi khasu limene analibe nalo ntchito. Anatipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse. Ababa atazindikira mawu awo anavula chipewa n'kutembenukira kumene mawuwo ankachokera, koma anaphonya pang'ono, moti ankalankhula ndi tsinde la nandolo. "Pepani, mayi. Ndinakulakwitsani." A Nasimango anayankha kuti, "Mvula si yanu, bambo," ndipo anawerama n'kuyamba kuzula udzu umene unali utafa kale. Ndikanakonda akanatikalipira. Potsika dzanja la ababa linkalemera paphewa panga kuposa pokwera.

Khirisimasi inadutsa kuli gwaa. Mvula inabwerera chaka chatsopano chitalowa, ndipo inabwera ngati yokwiya. Inagwa usana ndi usiku kupitirira sabata, inagumula mizere, inakumba chigwembe pakati pa munda wathu n'kutsitsira dothi lathu m'misewu ya kumunsi. Dzenje la njerwa linadzaza mpaka kusefukira, koma munkangolira achule owerengeka, uyu kuno, wina uko, osayankhana. Ngumbi sizinatulukenso. Amayi anabzala kachiwiri chimanga wamba chogula pamsika, chimene anachisankha pa lichero usiku wa dzulo lake. Chinakula mochedwa, chowonda, ndipo zimene tinakolola sizinafike ngakhale mwezi wa Ogasiti. Amayi anayamba kuchapa zovala m'nyumba za anthu Loweruka. A Nasimango anatumiza ana awo awiri kumudzi kwa achemwali awo, ndipo mmodzi wa iwo, Gire, amene tinkakhala naye desiki imodzi, sanabwererenso kusukulu kwathu.

Palibe amene anawanena ababa, mwina kungoti sindinamve. Anthu ochokera kutchalitchi ankaperekabe moni, kufunsa za m'thupi, n'kupitirira. Nawonso ababa sanandiitanenso kuti ndikawaonere. Tsiku lina mu Febuluwale ndinaona nyerere zikukweranso khoma, ndipo mwachizolowezi ndinathamangira kukawauza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa ngati ndalemba homuweki.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti wolakwa ndinali ine. Ndinkaganiza kuti mwina nyerere zija zinali za mtundu wina, mwina anamzeze sindinawawerenge bwino, mwina zoterera zija sanali mazira a chule amene ababa ankatanthauza. Munthu wosaona anandikhulupirira, ine n'kumuonera molakwika, kenako n'kumunamiza. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa chake anasiya kundituma. Ndili wamkulu tsopano, ndimagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo ndaona zaka zina zambiri zotere: ngumbi kutuluka kawiri kapena osatuluka n'komwe, achule kuikira pa mvula yoti ithawa, kuzizira kwa chiperoni kubwera pa nthawi imene sitinkakuyembekezera. Ndikudziwa kuti ndinaona bwino, ndipo ababa anamva bwino. Nyerere ndi achule anachita zimene makolo awo ankachita, pa mvula imene inali itasiya kale kusunga nthawi yake, ndipo anatayapo ana awo monga ife tinatayira mbewu.

Ababa anamwalira ndili ku sekondale. Patapita zaka, tikusenda nandolo ndi amayi pakhonde lomwe lija, ndinawafunsa ngati ababa anadziwa za kachitini. Amayi anaseka pang'ono, osakweza maso. Anati munthu wosaona amamva chilichonse, ndipo ababa anandimva kuyambira tsiku loyamba, kachitini kakugunda m'mbali mwa ndowa. Amayi akadabwa kuti madzi akutha msanga, ababa ankati ndi iwo amene asamba masana chifukwa cha kutentha. Ndiye madzulo ankakana madzi awo osamba, kuti amene ndatunga ine abwerere. Anachita zimenezi masiku onse aja, ndipo tsiku lililonse ndikabwera kudzawanamiza kuti madzi alipobe, ankandifunsa mwachidwi ngati ambululu akukula.